Kuthamanga dzuwa likuswa mtengo: mmene akatswiri amakonzekerera mipikisano ya kotentha

Funso: Ndimaphunzitsa achinyamata othamanga mitunda italiitali kuno ku Dedza. Mu Novembala ndikufuna kupita ndi anayi ku mpikisano wa makilomita 21 m'mbali mwa nyanja. Pa TV ndimaona akatswiri atavala mavesiti a ayisi, ena akudzithira madzi pamutu. Kodi amakonzekera bwanji kukathamanga kotentha? Anzanga amati ife Aafirika dzuwa tinalizolowera kale, komanso kuti mwana amalimba ukamamumana madzi pa zokonzekera. Zoona zake n'ziti?

Yankho: Aphunzitsi, ndiyambe ndi mfundo ziwiri za anzanuzo. Zonse n'zolakwika, ndipo yachiwiriyo ikhoza kupha mwana.

Pa 27 Seputembala 2019, mpikisano wa marathon (makilomita 42) wa amayi pa masewera a dziko lonse ku Doha, m'dziko la Qatar, unayamba pakati pa usiku pothawa dzuwa. Ngakhale unali usiku, kunja kunali madigiri opitirira 32, chinyezi chopitirira 70 peresenti. Mwa amayi 68 amene anayamba, 28 sanamalize. Atatu onse a ku Ethiopia analekera panjira. Ruth Chepngetich wa ku Kenya anapambana ndi 2:32:43, pomwe mu Januwale chaka chomwecho anali atathamanga 2:17:08 ku Dubai. Helalia Johannes wa ku Namibia anali wachitatu, ndipo Roberta Groner, namwino wa ku America wa zaka 41, anafika pa nambala 6, patsogolo pa ambiri omwe pa tsiku lozizira sakanawaona n'komwe msana. Kubadwira mu Africa sikunateteze aliyense usiku umenewo. Akatswiri ambiri a ku Kenya amakonzekerera ku Iten ndi Kaptagat, kumapiri otalika pafupifupi mamita 2,400, komwe m'mawa umadzuka utavala juzi. Dedza nayo ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600. Thupi limazolowera nyengo imene lakhala likugwiramo ntchito masabata apitawa, basi. Khungu ndi dziko lobadwira siziwerengedwa.

Kuti mumvetse zimene akatswiri amachita, muyambe mwadziwa chimene chimagwetsa munthu. Pa mphamvu zonse zimene minofu imawotcha, gawo limodzi lokha mwa magawo 4 kapena 5 ndilo limasanduka liwiro. Zotsalazo zimasanduka kutentha. Katswiri wolemera makilogalamu 60 akamathamanga makilomita 20 pa ola amatulutsa kutentha kopitirira mawati 1,000, ngati ayironi yamagetsi yoyaka m'kati mwa thupi. Kutenthako kutasowa potulukira, thupi likhoza kumakwera digiri imodzi pa mphindi zosakwana 5. Njira yaikulu yotulukira ndi thukuta, koma thukuta limaziziritsa likauma pakhungu. Limene lachucha n'kugwera pansi latayika chabe: madzi achoka m'thupi, kutentha kwatsala. N'chifukwa chake madigiri 30 a kunyanja kutagwa mvula yoyamba ndi oopsa kuposa madigiri 33 a malo ouma kumene kukuwomba mphepo. Mpweya ukakhuta kale chinyezi, thukuta silikhala ndi kopita.

Pamenepo mtima umatumikira mabwana awiri. Miyendo ikufuna magazi obweretsa mpweya, khungu nalo likufuna magazi oti litaye kutentha. Komanso madzi a thukutalo akuchokera m'magazi momwemo, ndiye magazi akucheperachepera. Mtima umayamba kugunda mofulumira pa liwiro lomwe lija, miyendo imalemera, mutu umayamba kulamula thupi kuti lichepetse. Nthawi zabwino za marathon zimabwera kunja kuli madigiri 10 mpaka 12 kapena chapompo, monga zimakhalira ku Berlin, London ndi Valencia. Kukapyola pamenepo, digiri iliyonse imadya masekondi.

Masiku 10 mpaka 14 ophunzitsa thupi

Mavesiti a ayisi mumawaona pa TV aja ndi kachigawo kakang'ono. Ntchito yeniyeni imachitika masabata angapo mpikisano usanafike, kopanda makamera. Wothamanga amachita zolimbitsa thupi kotentha tsiku ndi tsiku, mphindi 60 mpaka 90, kwa masiku 10 mpaka 14. Cholinga n'choti kutentha kwa m'kati mwa thupi kufike pafupifupi madigiri 38.5 n'kukhala pamenepo kwa ola lathunthu, thukuta likutuluka kwambiri.

Thupi limasintha mwa dongosolo lodziwika. M'masiku 3 mpaka 6 oyamba, impso zimasunga mchere ndi madzi, ndipo gawo lamadzi la magazi, lotchedwa plasma, limachuluka. Mtima umatumiza magazi ambiri pa kugunda kumodzi, ndiye kugunda kwake pa liwiro lomwelo kumatsika. Cha kumapeto kwa sabata yoyamba, kutentha kwa m'kati kumayambira pansi pang'ono ndipo kumakwera mochedwa. Zosintha za thukuta zimabwera pomaliza, m'sabata yachiwiri: limayamba msanga, limatuluka lambiri, limafalikira thupi lonse, ndipo mchere wake umachepa. Phindu lalikulu limabwera m'sabata yoyamba, koma amene waleka pa tsiku la 5 wasiya thukuta lisanaphunzire. Amayi kawirikawiri amafunika masiku osachepera 10, choncho ngati pagulu lanu pali atsikana musawafupikitsire. Pa kafukufuku wa mu 2010 ku yunivesite ya Oregon ku America, opalasa njinga odziwa bwino ntchito yawo anakonzekera masiku 10 m'chipinda cha madigiri 40. Plasma yawo inakwera ndi 6.5 peresenti, ndipo ntchito imene ankatha kugwira pa ola limodzi kotentha inakwera ndi 8 peresenti. Kwa katswiri, 8 peresenti ndi mtunda wa pakati pa mendulo ndi nambala 30.

Dongosolo la ana anu likhoza kuyenda chonchi. Masiku atatu oyamba athamange mphindi 45 mpaka 60 mofatsa, pa liwiro loti angathe kulankhula chiganizo chathunthu, cha m'ma 9 koloko m'mawa kapena 3 koloko masana, osati dzuwa lili paliwombo. Masiku oyambawa ndiwo oopsa kwambiri, chifukwa miyendo imakumbukira liwiro la kumapiri pomwe thupi silinakonzeke. Kuyambira tsiku la 4 mpaka la 7, onjezerani kufika mphindi 60 mpaka 75, ndipo cha pa tsiku la 6 ikanimo zigawo za liwiro la mpikisano, mwachitsanzo katatu mphindi 8. Masiku 8 mpaka 12 mukhoza kufika mphindi 90 kamodzi kapena kawiri, ndipo tsiku limodzi athamange pa ola lenileni limene mpikisano udzayambe, atavala zimene adzavale, akumwa zimene adzamwe. Masiku awiri kapena atatu omaliza ndi opumula: mphindi 20 mpaka 30, kenako pamthunzi.

Akatswiri amayeza kutentha kwa m'kati ndi kapilisi komeza kamene kamatumiza manambala ku kachipangizo kakunja. Ndi kapilisi kotere kamene ofufuza a chipatala cha Aspetar cha ku Qatar anagwiritsa ntchito pa mpikisano wa njinga wa dziko lonse ku Doha mu 2016, napeza kuti ena anapyola madigiri 40, mmodzi mpaka 41.5, osadwala. Manambala amenewa asakunyengeni. Awa ndi anthu ozolowera kwambiri, madokotala ali pambali pawo. Inu gwiritsani ntchito kugunda kwa mtima. Pa tsiku la 1, la 7 ndi la 12, mwana athamange mphindi 20 pa liwiro lofanana, njira yomweyo, ola lomwelo. Akangoima, werengani kugunda pakhosi kwa masekondi 15, muchulukitse ndi 4. Thupi likamazolowera, nambalayo kawirikawiri imatsika ndi 10 kapena kupitirira. Ikakana kutsika, kapena ikakwera, mwanayo watopa, sakugona bwino, sakumwa mokwanira kapena akudwala. Mupumitseni, musamuwonjezere ntchito.

Cholakwika chimene makochi amachita kawirikawiri n'kusamutsira zokonzekera zonse padzuwa. Kotentha munthu sangathamange mofulumira, ndiye pakatha masabata awiri amakhala wozolowera dzuwa koma liwiro latha. Akatswiri amagawa: zothamanga mwamphamvu amachita m'bandakucha kukuzizira, zofatsa amachita kotentha. Usiku amagona pozizira monga angathere, chifukwa chipinda chozizira sichifufuta zimene thupi laphunzira masana, pomwe kusowa tulo kumawononga zonse.

Nanga amene sangapite kotentha? Callum Hawkins wa ku Scotland ndi chitsanzo chabwino. Mu Epulo 2018, pa masewera a Commonwealth ku Gold Coast m'dziko la Australia, ankatsogolera marathon ndi mphindi pafupifupi 2, kutatsala makilomita awiri okha. Anayamba kudzandira, anagwa, anadzuka, anagwanso, ndipo mpikisano wake unathera pomwepo. Pokonzekera Doha chaka chotsatira, anaika treadmill (makina othamangirapo uli pamalo amodzi) ndi mahita amagetsi m'kashedi ka kunyumba kwawo n'kumathamangira mmenemo. Ku Doha anafika pa nambala 4. Ena amagwiritsa ntchito sauna (kachipinda kotenthetsedwa kwambiri kotulutsiramo thukuta), mphindi pafupifupi 30 akangomaliza kuthamanga. Njira yotheka kwa ambiri inayesedwa ku yunivesite ya Bangor ku Wales mu 2016: kuthamanga mphindi 40 pamalo ozizira, kenako kulowa nthawi yomweyo m'madzi a madigiri 40 mpaka m'khosi kwa mphindi zofika 40, masiku 6 otsatizana. Nthawi yawo ya makilomita 5 kotentha inatsika ndi pafupifupi 5 peresenti.

Madzi otenthawa amafuna kusamala. Yezani ndi themometa, osati ndi dzanja. Madigiri 40 ndi 40, osati 43. Tsiku loyamba mphindi 10 mpaka 15 zakwana, muziwonjezera 5 tsiku lililonse. Alowe asanapole thukuta, chifukwa akayamba wapumula theka la ola phindu lalikulu lapita. Pakhale munthu pambali nthawi yonse. Potuluka ayambe wakhala pansi mphindi zingapo, chifukwa magazi amakhala athamangira kukhungu ndipo kuimirira mwadzidzidzi kumagwetsa. Akamva chizungulire kapena nseru atuluke. Njirayi si ya ana aang'ono, wodwala mtima, wa khunyu kapena woyembekezera. Kuvala tirakisuti pothamanga masana kumathandizako ndithu, ngakhale sikufika pa kutentha kwenikweni. Kudzikulunga m'mapulasitiki kokha ayi, chifukwa kumatsekeratu njira ya thukuta ndipo kutentha kumakwera mosadziwika malire.

Inuyo muli ndi mwayi umene Hawkins analibe. Mukatsika Khwekhwelere kufika ku Golomoti kapena Mtakataka, mwafika kale kotentha musanatuluke m'boma lanu. Ngati ndalama zilola, masiku 10 mpaka 14 kumeneko ndi abwino kuposa bafa iliyonse, chifukwa kutentha kwake ndi chinyezi chake n'zofanana ndi za pa mpikisano. Ngati sizilola, chitani masiku 8 mpaka 10 a dzuwa la masana ndi madzi otentha ku Dedza konko, mutsike kutatsala masiku 4 kapena 5. Chimene sindingakulangizeni n'kufika kutatsala masiku awiri n'kuthamanga mwamphamvu kuti "azolowere msanga". Pa masiku awiri thupi limangotopa, silinaphunzire kanthu. Ndipo kunyanjako agone m'masikito usiku uliwonse, pa chifukwa chimene ndichitchule kumapeto.

Kuzolowera kumeneku kumatha mukakusiya, pafupifupi 2.5 peresenti tsiku lililonse lopanda kutentha. Koma thupi limene linaphunzirapo limakumbukira msanga. N'chifukwa chake akatswiri ambiri amachita masabata awiri olimba kutatsala mwezi kapena masabata 6, kenako amangokumbutsa thupi kamodzi pa masiku 3 kapena 4, n'kumaliza ndi masiku ochepa pamalo a mpikisano. Akatero sabata yomaliza imakhala yopumula, osati yolimbana ndi dzuwa.

Madzi, mchere ndi sikelo

Thupi siliphunzira kukhala opanda madzi. Wozolowera kutentha amatuluka thukuta lambiri, ndiye amafuna madzi ochuluka kuposa kale, osati ochepa. Kumumana kumachepetsa plasma imene mukuvutikira kuichulukitsa, kumakweza kutentha kwa m'kati, ndipo kumavulaza impso. Amweni pa zokonzekera, chifukwa nayo mimba imafunika kuzolowera kulandira madzi munthu akuthamanga.

Funso ndi loti amwe ochuluka bwanji, ndipo yankho lili pa sikelo. Mwana akodze, adziyeze wosavala, athamange ola limodzi pa liwiro la mpikisano kotentha, apukute thukuta lonse, adziyezenso wosavala. Kilogalamu imodzi yotayika ndi lita imodzi ya thukuta, ndipo muphatikizepo madzi amene wamwa. Ngati anali 58.0, wabwera 56.9, ndipo wamwa mamililita 500, thukuta lake ndi malita 1.6 pa ola. Yesani mwana aliyense payekha, ndipo mubwereze kumapeto kwa masiku 14 aja chifukwa nambala idzakhala itasintha. Anthu amasiyana kwambiri: wina lita imodzi, wina malita 2.5. Alberto Salazar wa ku America, pa marathon ya Olympics ya 1984 ku Los Angeles, anatuluka thukuta lokwana malita 3.7 pa ola.

Palibe amene angabweze zonsezo akuthamanga. Mimba imadutsitsa pafupifupi lita imodzi pa ola, ndipo pa liwiro la mpikisano ambiri amakwanitsa mamililita 400 mpaka 800. Pa marathon, akatswiri amapeza mabotolo awo makilomita 5 aliwonse n'kumwa mamililita 150 mpaka 250, pang'onopang'ono, botolo lili m'manja kwa mamita mazana angapo. Langizo lodziwika n'loti munthu asataye zopitirira 2 kapena 3 peresenti ya kulemera kwake. Opambana ena amapyola patali. Haile Gebrselassie wa ku Ethiopia anataya pafupifupi 10 peresenti popambana ku Dubai mu 2009. Koma ameneyo ndi munthu mmodzi wapadera, si chitsanzo choti mwana wa zaka 19 atengere dzuwa la Novembala.

Mbali inayo nayo ili ndi dzenje. Munthu akamwa madzi ambiri kuposa thukuta limene akutaya, mchere wa m'magazi umasungunuka, ubongo umatupa. Pa Boston Marathon ya 2002, mwa othamanga 488 amene anayezedwa magazi, 13 peresenti anapezeka ndi vutoli, lotchedwa hyponatremia. Limagwira kwambiri othamanga pang'onopang'ono amene amamwa pa tebulo lililonse. Chizindikiro chosavuta n'ichi: wothamanga asamalize ali wolemera kuposa mmene anayambira. Zala zotupa, mutu, kusanza ndi kusokonezeka mwa munthu amene wamwa kwambiri sizifuna madzi ena, zifuna chipatala.

Lita imodzi ya thukuta imatenga sodium (gawo la mchere) wa pakati pa theka la galamu ndi magalamu 2. Amene malaya ake amauma ndi mizere yoyera, ndipo thukuta limamuluma m'maso, ali kumtunda kwa nambala imeneyi. Chakumwa chogwira ntchito mukhoza kupanga nokha: lita imodzi ya madzi abwino, magalamu 60 a shuga (masupuni aakulu 5 osadzaza mpaka phiri), ndi kota ya kasupuni ka tiyi ka mchere, mufinyiremo ndimu kuti akome. Musachulukitse shuga poganiza kuti ndiye mphamvu. Chakumwa chotsekemera kwambiri chimachedwa kuchoka m'mimba, ndipo kotentha magazi a kumatumbo amakhala atachepa kale, ndiye zotsatira zake ndi nseru ndi kutsegula m'mimba. ORS, imene ambiri timaitcha Thanzi, ili ndi mchere wambiri ndi shuga wochepa, choncho ndi yabwino pobwezeretsa akamaliza kusiyana ndi pothamanga. Akamaliza amwe pafupifupi lita imodzi ndi theka pa kilogalamu iliyonse yotayika, m'maola angapo, pamodzi ndi chakudya cha mchere. Patsiku la mpikisano, kutatsala maola 2 mpaka 4, amwe mamililita 5 mpaka 10 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Wa makilogalamu 60 ndiye mamililita 300 mpaka 600. Mkodzo wa m'mawa ukhale wachikasu chotuwa. Woderapo ngati tiyi ndiye kuti ayamba ali ndi ngongole ya madzi.

Za diripi iwalani. Malamulo a WADA, bungwe la dziko lonse loletsa mankhwala owonjezera mphamvu pa masewera, amaletsa kulandira madzi opitirira mamililita 100 pa maola 12 kudzera mumtsempha, kupatula pa chithandizo chenicheni cha kuchipatala. Mapilisi opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac asamwedwe mpikisano usanayambe, chifukwa impso zimene zikulimbana kale ndi kutentha zimavulala nawo.

Ayisi ndi liwiro pa tsiku lenilenilo

Tsopano mavesiti aja. Anadziwika kwambiri pa Olympics ya 2004 ku Athens, kumene marathon ya amayi inayamba kunja kuli madigiri pafupifupi 35. Deena Kastor wa ku America anavala vesiti ya ayisi asanayambe, anayamba mofatsa ali kumbuyo, n'kumadutsa anzake mmodzimmodzi mpaka kukhala wachitatu. Paula Radcliffe wa ku Britain, mwini rekodi ya dziko lonse nthawiyo, anaima cha pa makilomita 36. Ntchito ya vesiti n'kupatsa thupi malo osungiramo kutentha: ukayambira pansi, umachedwa kufika pamwamba. Amaivala mphindi 20 mpaka 30 potenthetsa thupi ndi podikira, n'kuivula kutatsala mphindi zochepa. Chimazizira ndi chifuwa, msana ndi khosi. Miyendo ayi, chifukwa minofu yozizira sikoka bwino. Matawulo oviika m'madzi a ayisi, osinthidwa mphindi 2 kapena 3 zilizonse, amagwira ntchito yofananako. Kutenthetsa thupi kukhale kwakufupi, mphindi 10 zakwana, ndipo kuchitikire pamthunzi.

Njira ina ndi kumwa ayisi wophwanyaphwanya wosakaniza ndi chakumwa chotsekemera, pafupifupi magalamu 7.5 pa kilogalamu ya thupi, m'theka la ola lomaliza. Wa makilogalamu 60 ndiye magalamu 450, omwa m'zigawo zitatu kapena zinayi. Amatsitsa kutentha kwa m'kati ndi pafupifupi theka la digiri. Ena amawapweteketsa mutu kapena m'mimba, choncho muyese kawiri kapena katatu pa zokonzekera. Chilichonse chimene mwana sanachiyesepo asachiyambire pa mpikisano.

Ali panjira, madzi ozizira pamutu, pakhosi ndi m'mikono pa tebulo lililonse. Kumalo a chinyezi madziwo akhale ozizira ndithu, chifukwa sauma. Amachotsa kutentha ndi kuzizira kwawo kokha. Ayisi m'chipewa kapena m'sokosi yomanga pakhosi amakhalitsa kuposa madzi. Koma walira mvula walira matope: madzi otsikira m'nsapato amabweretsa matuza, ndipo malaya onyowa amasupula m'khwapa ndi m'mphechepeche. Aweramire kutsogolo podzithira, avale masokosi opyapyala osakhala a thonje, apake Vaseline pamalo okhulana. Zovala zikhale zoyera, zopepuka, zosathina. Ena amachukucha mkamwa ndi madzi a menthol. Amenewa amanamiza ubongo kuti kwazizira pomwe thupi likutentha chimodzimodzi, ndipo kwa achinyamata amene sanadziwe malire awo sindiwalimbikitsa.

Zonsezi sizichotsa dzuwa. Zimangochepetsa msonkho wake. Zimene zinachitika ku Doha zinachititsa kuti marathon ya Olympics ya Tokyo isamutsidwire ku Sapporo, makilomita pafupifupi 800 kumpoto, koma mu Ogasiti 2021 nakonso kunatentha, mpaka mpikisano wa amayi anaubweza ndi ola limodzi kuti uyambe 6 koloko m'mawa. Pa wa abambo, mwa 106 amene anayamba, 30 sanamalize. Eliud Kipchoge wa ku Kenya anadutsa theka loyamba m'mphindi pafupifupi 65, ali m'gulu, anachoka pagululo atapyola makilomita 30, napambana ndi 2:08:38, pomwe rekodi yake inali 2:01:39. Zoona, mipikisano ya mendulo imayenda mochenjererana ndipo sithamangidwa pofuna nthawi, koma kusiyana kwa pafupifupi 6 peresenti kwa Kipchoge ndi 11 peresenti kwa Chepngetich kukupatsani chithunzi. Kuthamanga sikufika, anatero akale, ndipo kotentha mawuwa ndi masamu enieni: kutentha kumene wasonkhanitsa m'makilomita 5 oyamba sungakubwezenso. Mwana amene ku Dedza amathamanga kilomita pa 3:30 ayambe ndi 3:40 mpaka 3:45, asiye othamanga mopupuluma apite, aonenso mmene akumvera akafika pa makilomita 14. Liwiro lenileni mulipeze pa tsiku loyeserera lija, osati pa mtima wa m'mawa wa mpikisano. Funsaninso okonza ngati amayeza WBGT, muyeso wophatikiza kutentha, chinyezi, dzuwa ndi mphepo. Ikapitirira 28, madokotala a mipikisano ya mumsewu amaitenga ngati ngozi yaikulu yoti mpikisano usinthidwe nthawi kapena uimitsidwe.

Wina akagwa

Musaganize kuti makilomita 21 kapena 10 ndi otetezeka kuposa 42. Pa mtunda waufupi liwiro limakhala lalikulu, ndiye kutentha kumakwera mofulumira, munthu asanataye n'komwe madzi ambiri. Mpikisano wa Falmouth ku Massachusetts ku America, wa makilomita 11 okha mu Ogasiti, ndi umodzi mwa odziwika kwambiri ndi vutoli. Ofufuza anawerenga anthu 274 amene anagwa ndi heat stroke (kutentha kwa thupi kopyola malire kumene kumasokoneza ubongo) kumeneko m'zaka 18. Onse anamizidwa m'madzi a ayisi pamalo pomwepo, ndipo palibe anamwalira.

Chizindikiro chachikulu chili m'mutu: kudzandira, kubwebweta, kusadziwa kumene ali, kupsa mtima kopanda chifukwa, kukomoka, kuphupha. Musadikire kuti khungu liume. Ambiri amakhala akadali thukuta kamukamu. Themometa ya m'khwapa, ya mkamwa kapena ya pachipumi imanama pa munthu amene wangothamanga. Yodalirika ndi yoyezera kunjira ya chimbudzi, ndipo madigiri opitirira 40 pamodzi ndi kusokonezeka ndi heat stroke. Ngati mulibe choyezera, wothamanga wosokonezeka padzuwa mutengeni ngati ali nayo.

Yambani kuziziritsa musanayambe ulendo wa kuchipatala, wina akuitana galimoto. Muli ndi mphindi pafupifupi 30 kuti kutentha kutsike pansi pa madigiri 39, apo ayi chiwindi, impso ndi ubongo zimayamba kuwonongeka. Muvuleni zokuta, mumumize thupi lonse kupatula mutu m'madzi ozizira a ayisi, wina atamugwira ndi tawulo kapena chitenje chodutsa m'khwapa kuti asamire, wina akuvundula madziwo. Ngati palibe bafa, mugonekeni palona, anthu anayi kapena asanu akweze m'mbali kuti pakhale ngati chidikha, muthiremo zidebe za madzi ndi ayisi n'kumagwedeza. Ngati nalonso palibe, zitenje zonyowa ndi madzi ozizira thupi lonse, zosinthidwa mphindi ziwiri zilizonse, ayisi pakhosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, ena akukupiza. Popanda choyezera, mutulutseni pakatha mphindi 10 mpaka 15 kapena akayamba kunjenjemera, kenako kuchipatala ngakhale akuoneka kuti watsitsimuka. Panado ndi aspirin sizitsitsa kutentha kotere ndipo zikhoza kuwonjezera kuvulala kwa chiwindi ndi impso. Wosokonezeka musamumwetse kanthu, angatsamwe. Musananyamuke ku Dedza, funsani okonza mpikisano ngati pomalizira padzakhale bafa ndi ayisi. Akakayikira, tengani lona lanu, zidebe ziwiri ndi makula bokosi osungiramo ayisi.

Za masikito ndinanena zija, chifukwa chake n'ichi. Zinthu zimene zimagwetsa ngakhale wozolowera bwino ndi kutentha thupi kwa matenda, kutsegula m'mimba, kusanza, mowa wa dzulo ndi kusagona. Malungo amakweza kutentha thupi lisanayambe n'komwe kuthamanga, ndipo amaphwanya maselo ofiira onyamula mpweya. Mwana amene watentha thupi kapena watsegula m'mimba m'masiku ochepa mpikisano usanafike asayambe, ngakhale mwalipira kale kalembera ndi thiransipoti. Amene anadwala malungo m'masabata awiri apitawo, amene ali ndi sickle cell m'magazi, ndi amene anagwapo ndi kutentha m'mbuyomu aonedwe ndi dokotala asanalowe m'masiku 14 aja. Wogwa ndi heat stroke asachite zolimbitsa thupi kwa sabata yosachepera imodzi, magazi ake ayezedwe kuona chiwindi ndi impso, ndipo dokotala akavomera ayambirenso pozizira, kuwonjezera pang'onopang'ono kwa masabata 2 mpaka 4 asanabwerere padzuwa.